Dokotala akasintha jekeseni: kumvetsa mankhwala a biosimilar kwa odwala ndi magadiyani mu Johannesburg

Pakati pa Amalawi amene tikukhala mu Johannesburg, nkhani ya kusinthidwa mankhwala imabwera ndi mantha amene munthu wobadwira kuno sangawamvetse msanga. Wodwala khansa, nyamakazi kapena matenda a shuga amene wakhala akulandira jekeseni kapena diripi ya dzina limodzi kwa miyezi yambiri, akauzidwa kuti kuyambira lero azilandira ya dzina lina yochokera ku kampani ina, ndipo akamva kuti yatsopanoyo ndi yotsika mtengo, maganizo ake oyamba amakhala akuti akumupatsa zotsalira chifukwa ndi mlendo m'dziko la eni. Maganizo amenewa ali ndi pochokera, pakuti ambiri a ife tinayankhidwapo mwamwano pa mizere ya m'zipatala. Koma pa nkhani ya mankhwala a biosimilar, amene ndi mankhwala opangidwa ndi kampani ina mofanana kwambiri ndi oyambirira ochokera ku maselo amoyo, kukayikako kukugwera pamalo polakwika, ndipo kukachititsa munthu kusiya chithandizo kapena kukagula mankhwala kumbali, kumabweretsa ngozi yeniyeni imene panalibe poyamba.

Tiyenera kusiyanitsa kaye mitundu iwiri ya mankhwala. Mapiritsi ambiri amene timawadziwa, monga Panado, aspirin, mankhwala a BP ndi ma ARV, amapangidwa posakaniza makemikolo m'fakitale motsatira ndondomeko yodziwika, ndipo chimene chimagwira ntchito m'kati mwake ndi kanthu kakang'ono kwambiri kosavuta kukayeza. Kachidutswa kamodzi ka aspirin kali ndi maatomu 21 okha. Fakitale iliyonse yodziwa ntchito yake ikhoza kupanga kanthu komweko ndendende, ndipo mankhwala opangidwa motero ndi amene amatchedwa ma generic. Amalawi sitifunika kuuzidwa zambiri za ma generic chifukwa ndiwo anapulumutsa abale athu. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalengeza kuti igulitsa ma ARV a mitundu itatu pa madola 350 pa munthu mmodzi pa chaka, pamene mtengo wa makampani oyambirira unkapitirira madola 10,000, ndipo mu 2004 boma la Malawi linayamba kugawa ma ARV aulere m'zipatala zake. Nthawi imeneyo analipo amene ankati mankhwala otsika mtengo ndi achabechabe, koma ambiri mwa amene anayamba kumwa masiku amenewo alipo mpaka lero ndipo akulera zidzukulu.

Mtundu wachiwiri ndi wa mankhwala a biologic. Amenewa ndi mapuloteni, ndipo palibe fakitale imene ingawapange pongosakaniza makemikolo, koma amapangidwa ndi maselo amoyo. Akatswiri amatenga malangizo a DNA opangira puloteni imene akufuna n'kuwalowetsa m'mabakiteriya, m'yisiti kapena m'maselo ochokera ku kanyama kotchedwa hamster, kenako amawalera maselowo m'matanki akuluakulu achitsulo momwe kutentha, chakudya ndi mpweya zimayang'aniridwa usana ndi usiku, ndipo pomaliza amasefa puloteniyo kuti itsale yoyera. Insulin ya munthu yopangidwa motere inavomerezedwa koyamba mu 1982. Insulin ndi puloteni yaing'ono, ya timagawo 51 totchedwa amino acid, koma mankhwala ngati trastuzumab wa khansa ya m'mawere, rituximab wa khansa ya lymphoma, adalimumab ndi infliximab a nyamakazi ndi zilonda za m'matumbo, kachidutswa kake kamodzi ndi kolemera kuwirikiza pafupifupi ka 800 kuposa ka aspirin. M'gulu lomweli muli filgrastim amene amathandiza kubwezeretsa maselo oyera a magazi munthu akalandira chemo, ndi epoetin amene amapatsidwa kwa odwala impso amene magazi awo achepa. Pafupifupi onsewa amaperekedwa pa jekeseni kapena pa diripi, chifukwa akamwedwa m'mimba mukhoza kuwagaya monga mmene mumagayira puloteni ya m'chakudya.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Popeza ntchito ikugwiridwa ndi maselo amoyo, zotuluka m'thanki lero sizifanana kotheratu ndi zimene zidzatuluke mwezi wamawa, ngakhale m'fakitale imodzimodziyo. Mndandanda wa timagawo ta puloteni umakhala womwewo, koma maselo amapachika tizidutswa ta shuga pa puloteniyo, ndipo kuchuluka ndi kaimidwe ka tizidutswato kamasinthasintha pang'ono. Mayi amene amaphika thobwa logulitsa amadziwa zimenezi: ufa ndi womwewo, chimera ndi chomwecho, dzanja ndi lomwelo, koma thobwa la Lolemba ndi la Lachisanu sililingana mpaka pa dontho lomaliza, ngakhale onse ogula akuvomereza kuti ndi thobwa la mayi yemweyo ndipo likukhutitsa chimodzimodzi. Oyang'anira mankhwala amaika malire a kusiyana kumene kuli kololedwa, ndipo gulu lililonse la mankhwala lotuluka m'fakitale liyenera kugwera m'kati mwa malirewo. Kuwonjezera apo, makampani oyambirira amasintha kapangidwe kawo m'kupita kwa zaka, amakulitsa matanki, amasamutsira ntchito ku fakitale ina, ndipo nthawi iliyonse amayenera kusonyeza kuti zatsopanozo zikulingana ndi zakale. Tanthauzo lake kwa wodwala n'lakuti munthu amene wakhala pa mankhwala oyambirira kwa zaka zingapo walandira kale magulu osiyana pang'ono popanda iye kudziwa, ndipo thupi lake silinaone vuto.

Kampani imene yatulukira mankhwala imatetezedwa ndi chilolezo cha umwini chotchedwa patent, chimene chimakhala zaka 20. Chikatha, makampani ena amakhala ndi ufulu wopanga mankhwala omwewo, koma mwini woyambayo sawapatsa maselo ake kapena chinsinsi cha kapangidwe kake. Kampani yatsopanoyo imagula mankhwala oyambirira ambiri a magulu osiyanasiyana, imawayeza mpaka kudziwa malire a kusiyana kwawo, kenako imalera maselo akeake ndi kukonza ndondomeko yake mpaka zotuluka zigwere m'kati mwa malire omwewo. Zotulukazo ndi biosimilar. Mndandanda wa amino acid uyenera kukhala wofanana ndendende ndi wa mankhwala oyambirira, ndipo mlingo ndi njira yoperekera ziyenera kukhala zimodzimodzi.

Umboni umene oyang'anira amafuna umamangidwa kuchokera pansi. Gawo lalikulu ndi la mu labotale, momwe mankhwala awiriwo amayerekezedwa m'njira zambirimbiri: kapindidwe ka puloteni, tizidutswa ta shuga, kuyera kwake, ndi mphamvu imene imagwirira pa chinthu chimene ikulimbana nacho m'thupi. Zikatero amayesa pa anthu kuti aone ngati mankhwalawo akulowa m'magazi ndi kutulukamo pa liwiro lofanana, ndipo kawirikawiri pamakhalanso kafukufuku wa odwala enieni, ena akulandira oyambirira, ena akulandira atsopano, kuti aone kuchira, zovuta zobwera ndi mankhwala, ndi mmene chitetezo cha m'thupi chikuwalandirira. Ntchito yonseyi imatenga zaka zambiri ndi madola mamiliyoni ochuluka, n'chifukwa chake mtengo wa biosimilar sutsika kwambiri ngati wa generic. Koma umatsikabe, pakuti kampaniyo sinalipire ndalama zotulukira mankhwala kuchokera pachiyambi, sinalipire za mankhwala ena ambiri amene amalephera pa kafukufuku, ndipo ikupikisana ndi ena pa msika. Kutsika kwa mtengo kukuchokera pamenepo, osati pa kuchepetsa mphamvu ya mankhwala.

Pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa ngakhale anamwino ena. Biosimilar ikhoza kuyesedwa pa odwala nyamakazi koma n'kuvomerezedwanso pa matenda a m'matumbo amene mankhwala oyambirira amachiza. Izi zimaloledwa pokhapokha pali umboni woti mankhwalawo amagwira ntchito m'njira imodzi pa matenda onsewo, ndipo kafukufukuyo amachitidwa dala pa gulu la odwala limene kusiyana kukadaoneka mosavuta kukadakhalapo. Funso limene likuyankhidwa si lakuti kodi infliximab amathandiza, chifukwa limenelo linayankhidwa kale, koma lakuti kodi uyu ndi infliximab.

Malamulo amenewa si a dzulo. Mayiko a ku Ulaya ndiwo anayamba, ndipo mu 2006 anavomereza biosimilar yoyamba, Omnitrope, mankhwala othandiza ana amene sakukula. Bungwe la WHO linatulutsa malangizo ake mu 2009 n'kuwakonzanso mu 2022. Biosimilar ya infliximab inavomerezedwa ku Ulaya mu 2013, ndipo America inavomereza yake yoyamba, ya filgrastim, mu 2015. Kuno ku South Africa malangizo a biosimilar anatuluka mu 2012 pansi pa Medicines Control Council, bungwe loyang'anira mankhwala limene mu 2018 linalowedwa m'malo ndi SAHPRA. Mankhwala olembetsedwa ndi SAHPRA amakhala ndi nambala ya kaundula pa bokosi lake, ndipo nambala imeneyo ndiyo chinthu choyamba chimene gadiyani ayenera kuyang'ana. Ndikunena izi motsindika chifukwa pa dziko lapansi alipo mankhwala ena otsanzira ma biologic amene sanayerekezedwe ndi oyambirira m'njira imene ndafotokozayi. Amenewo si biosimilar ngakhale wogulitsa atawatchula motero, ndipo ndi amene munthu angakumane nawo akamagula kudzera pa WhatsApp kapena kwa munthu wonyamula chikwama.

Kufunika kwa mankhwalawa kumaoneka bwino pa nkhani ya trastuzumab. Pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amene ali ndi khansa ya m'mawere amakhala ndi mtundu wotchedwa HER2, umene umakula mofulumira, ndipo trastuzumab, amene anayamba kugulitsidwa mu 1998 pa dzina la Herceptin, amachepetsa kwambiri mpata woti khansayo ibwerere. Chithandizo chake nthawi zambiri chimatenga chaka chathunthu, kamodzi pa masabata atatu alionse. Mu 2015 WHO inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, koma kuno mtengo wake m'zipatala zolipira unali pafupifupi R500,000 pa chaka. Mayi Tobeka Daki a ku Mdantsane, amene anapezeka ndi khansa imeneyi mu 2013, anamenyera nkhondo mankhwalawa mpaka anamwalira mu November 2016 asanawalandire, ndipo chaka chotsatira mabungwe monga Treatment Action Campaign ndi Cancer Alliance anayambitsa kampeni ya dzina lawo. Mu December 2019 WHO inavomereza biosimilar yoyamba ya trastuzumab kuti mayiko ndi mabungwe a United Nations azitha kugula mosakayika, ndipo inanena kuti biosimilar ya trastuzumab kawirikawiri imatsika mtengo ndi 65 peresenti poyerekeza ndi yoyambirira. Kwa boma limene thumba lake la mankhwala lili ndi malire, kusiyana kumeneko ndi amayi ena amene akanabwezedwa koma tsopano akhoza kukhala pa mpando wa diripi.

Funso limene odwala amafunsa kwambiri ndi la kusintha pakati pa chithandizo. Boma la Norway linalipira kafukufuku wotchedwa NOR-SWITCH, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Odwala 482 amene anali bwino pa infliximab woyambirira anagawidwa pawiri, ena anapitiriza, ena anasinthidwa kupita ku biosimilar, ndipo wodwala ngakhale dokotala sankadziwa amene ali m'gulu liti. Patatha masabata 52, matenda anali atakula mwa 26 peresenti ya amene sanasinthe ndi 30 peresenti ya amene anasintha, kusiyana kumene kunali m'kati mwa malire amene ofufuzawo anaika asanayambe, ndipo zovuta zobwera ndi mankhwala zinali zofanana. Manambalawa akuphunzitsanso china: ngakhale mwa amene sanasinthe, mmodzi mwa anayi matenda ake anakula, chifukwa matenda amenewa amakwera ndi kutsika paokha. Choncho munthu akadwalika mwezi wotsatira atasinthidwa, si umboni pawokha woti mankhwala atsopano alephera. Mu September 2022 bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya, EMA, linalengeza kuti biosimilar yovomerezedwa kumeneko ikhoza kulowa m'malo mwa yoyambirira kapena mwa biosimilar inzake.

Komabe kusinthako kuyenera kudutsa m'manja mwa dokotala. Lamulo la mankhwala la kuno, Act 101 ya 1965, pa gawo 22F limalola wa ku famase kupereka generic m'malo mwa dzina limene dokotala walemba, atamuuza wodwala, pokhapokha dokotala ataletsa kapena wodwala atakana. Malangizo a dziko lino sanawaike ma biosimilar m'gulu la mankhwala amene wa ku famase angasinthe payekha motero. Wodwala ali ndi ufulu wouzidwa kuti wasinthidwa, chifukwa chake, ndi zimene aziyang'anira, ndipo ngati Chingerezi cha m'chipinda cha dokotala chikuthamanga, ndi bwino kupita ndi mwana kapena mbale amene angafunse modekha ndi kulemba mayankho.

Chifukwa chimene akatswiri amasamalira kwambiri ndi chitetezo cha m'thupi. Puloteni iliyonse yolowa kuchokera kunja, thupi likhoza kuiona ngati mdani n'kupanga asilikali olimbana nayo, ndipo zikatero mankhwala amachepa mphamvu kapena amayambitsa ziwengo. Phunziro lalikulu pa nkhaniyi linachokera ku mankhwala oyambirira, osati ku biosimilar. Kuyambira mu 1998, kapangidwe ka epoetin wotchedwa Eprex katasinthidwa, odwala impso ena amene ankabayidwa pansi pa khungu anayamba kupanga asilikali olimbana ndi puloteni yawo yomwe yopangira magazi, ndipo mafupa awo anasiya kupanga maselo ofiira. Vutolo linapezeka n'kukonzedwa, koma linaphunzitsa dziko lonse kuti pa biologic iliyonse tiyenera kudziwa dzina la malonda ndi nambala ya gulu la mankhwala amene munthu walandira. Apa gadiyani ali ndi ntchito yooneka yaing'ono koma yofunika. Kulemba kuti "trastuzumab" kapena "insulin" sikokwanira, chifukwa makampani angapo amagwiritsa ntchito dzina limenelo. Jambulani bokosi pa foni, dzina ndi nambala ya gulu, yotchedwa batch, zioneke, kapena lembani m'kabuku pamodzi ndi tsiku. Pakachitika chachilendo, uzani namwino kapena dokotala, ndipo SAHPRA ili ndi Med Safety App imene wodwala angagwiritse ntchito kupereka lipoti yekha.

Popeza biosimilar imagwira ntchito ngati yoyambirira, imabweranso ndi ngozi zomwezo, ndipo izi ndi zimene ndikanakonda kuti anthu athu aziziopa m'malo moopa dzina. Adalimumab, infliximab ndi etanercept amafooketsa mbali ya chitetezo imene imatsekera chifuwa chachikulu chogona m'thupi, ndipo m'dziko limene TB ndi HIV zili paliponse, munthu ayenera kuyezedwa asanayambe. Chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda ali pa mankhwalawa ndi chifukwa chopitira ku chipatala mosachedwa. Wolandira rituximab ayenera kuyezedwa matenda a chiwindi a hepatitis B, ndipo wolandira trastuzumab amaunikidwa mtima asanayambe ndi m'kati mwa chithandizo. Zonsezi sizisintha kaya bokosi ndi la kampani iti.

Zimene zimasinthadi ndi zakunja. Cholembera chobayira chikhoza kukhala cha mtundu wina ndi kubanikizidwa mosiyana, madzi osungira puloteni akhoza kusiyana moti jekeseni ina imaluma kuposa inzake, ndipo masiku amene mankhwala angakhale kunja kwa firiji akhoza kusiyana. Pemphani namwino akuonetseni kagwiritsidwe ntchito ka cholembera chatsopano musanachoke. Odwala shuga asamale kwambiri ndi mphamvu yolembedwa pa cholembera, chifukwa insulin glargine ya mayunitsi 100 pa mililita ndi ya mayunitsi 300 pa mililita si chinthu chimodzi, ndipo masabata oyamba mutasinthidwa ndi bwino kuyeza shuga pafupipafupi. Palinso mphamvu ya maganizo, imene madokotala amaitcha nocebo: munthu amene wakhulupirira kuti wapatsidwa mankhwala achabe amamvadi kutopa ndi kuphwanya m'thupi ngakhale zoyeza magazi zikusonyeza kuti zonse zili bwino. Ululu wotero ndi weniweni ndipo suyenera kunyozedwa, koma gadiyani amene amabwereza tsiku ndi tsiku kuti "akupatsani zotchipa" akuwonjezera katundu pa wodwala wake.

Amene asintha mankhwala kawirikawiri ndi dongosolo la kagulidwe, osati munthu wokuonani nkhope. M'zipatala za boma monga Charlotte Maxeke, Chris Hani Baragwanath ndi Helen Joseph, mankhwala amagulidwa kudzera m'mpikisano wa makampani umene boma limachititsa, wotchedwa tender, ndipo kampani ina ikapambana, onse olandira mankhwala amenewo amapeza dzina latsopano, Mzulu, Msotho ndi Mmalawi chimodzimodzi. Amene ali pa medical aid amakumana ndi mndandanda wa mankhwala amene sikimu yawo imalipira, ndipo wosankha dzina limene silili pa mndandandawo amauzidwa kuwonjezera ndalama za m'thumba. Ngati pali chifukwa chenicheni cha chipatala, monga ziwengo zimene zinaoneka pa mankhwala a pa mndandanda, dokotala akhoza kulemba kalata yofotokoza, ndipo sikimu ikakana, dandaulo limapita ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid.

Chimene chimawononga mankhwalawa kawirikawiri m'nyumba zathu ndi kutentha ndi kuzizira kopitirira. Ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, pa shelefu ya pakati ya firiji, kutali ndi mbali youmitsa ndiponso osati pa chitseko. Akauma ngati ayezi atayidwe ngakhale atasungunuka n'kuoneka bwino, chifukwa puloteni ikapindika molakwika maso sangaone. Magetsi akazima, chitseko cha firiji chisatsegulidwe mwachisawawa, ndipo ngati azima nthawi yaitali mankhwala aikidwe m'kabokosi kozizira ndi mapaketi a ayezi okulungidwa m'nsalu kuti asakhudze botolo. Insulin imene yayamba kugwiritsidwa ntchito imatha kukhala kunja kwa firiji pafupifupi masabata anayi pamalo osatentha, motsatira zolembedwa pa kapepala ka m'bokosi.

Izi zikukhudza mwambo wathu wotumiza mankhwala kumudzi. Basi yochoka mu Johannesburg kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena Dedza imayenda masiku awiri kapena kuposerapo, ndipo katundu wa pansi pa basi amapsa ndi dzuwa la m'chigwa cha Zambezi pamene anthu akudikira pa chipata. Biologic yoyambirira ndi biosimilar zimawonongeka mofanana pa ulendo wotero, ndipo mbale wolandirayo amadzibaya madzi opanda mphamvu akuganiza kuti wathandizidwa. Wodwala amene akubwerera kumudzi kapena kukacheza nthawi yaitali akambirane ndi dokotala wake nthawi ikadalipo, anyamule mankhwala ake m'manja m'kabokosi kozizira, ndipo atenge kalata yolembedwa dzina la puloteni, dzina la malonda, mlingo ndi tsiku la jekeseni yomaliza. Ku Malawi mankhwala amalembetsedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo dzina la malonda limene dokotala wa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central ali nalo likhoza kukhala lina, choncho kalatayo ndi imene ingamuthandize kudziwa chimene wodwalayo amalandira ndi poyambira kupitiriza.